Moni kwa Mtsuko

Dasom, mwana wa mchimwene wanga, anatulukira padenga pomwe timayanika tsabola, atatsinzinira, n'kuwerama mpaka m'chiuno. "Mwaswera bwanji, Agogo?"

Agogo akewo unali mtsuko wa kimchi, kabichi wathu wowawasa wa ku Korea. Ndinali nditauveka chipewa cha mayi anga kuti ndingoona ngati azindikire.

"Akuyankha bwanji m'kamwa muli kabichi?" ndinatero, nditagwira nthiti.

Iye sanaseke. Anayandikira, n'kukhudza mtsukowo, misozi ili lengelenge. Mayeso olowera ku yunivesite anali sabata yamawa, ndipo chiyambire m'mawa mphuno inali m'buku.

"Azakhali, maso anga afa. Ndikadzutsa mutu ndikungoona chifunga, m'zikopemu ngati muli mchenga. Ndikalemba bwanji?"

"Sanafe amenewo. Akhala chogwada tsiku lonse, achita dzanzi. Khala apa, awongole miyendo. Tayang'ana kuphiri uko. Mnyamata wa a Pyo amakufunsafunsa uja ali apo, akukukodola."

Linali bodza, koma anayang'ana. Anaphethira, n'kupukuta misozi, n'kuyang'ananso, ine ndikutembenuza tsabola wanga. Patapita kanthawi mapewa ake anatsika.

"Mitengo yabwerera," ananong'ona. "Ndikuona ngakhale masitepe a kukachisi." Anaseka koyamba mwezi uno, kenako anapendeketsa mutu. "Mnyamata palibe. Koma pali bambo ake, a Pyo, avala tayi, anyamula maluwa. Akuyang'ana denga lino, Azakhali."

"Bwerera kumabuku, iwe," ndinatero, ndikukonza tsitsi. "Wachira mopyola muyeso."