Malo a Emmett Apezeka

"Mwana wangayu amakonda anyamata anzake. Kodi pano mudzamusunga bwino?" anafunsa Mayi Whitaker, atatopa n'kuzungulira masukulu ogonera komweko ku Vermont.

Ahedi anachita kudzambatuka pampando. "Mwafika, mayi! Ana otere pano timawanyadira kwabasi."

Mtima wa mwanayo, Emmett, unakhala pansi. Kusukulu yake yakale anzake ankamubisira zovala akamasamba, ndipo iye ankangofuna malo oti anthu amuiwaleko.

"Ndiye alipo angati onga ine, aphunzitsi?" anafunsa mnyamatayo.

"Analipo mmodzi, koma anachoka chaka chatha. Anangoti watopa, kaya n'chiyani." Ahedi anakodola wojambula zithunzi amene ankadikira pakhomo. "Tavala jekete la sukuluyi, mwanawe. Chikwangwani cha pageti chikufunika nkhope yatsopano. Tamwetulira!"