Mbewa za Malemu

Kuntchito timamwetsa mbewa mankhwala a muzu wa jinseng'i kuti tione ngati zingamakumbukire bwino. Zimakumbukiradi, koma ine sizindikumbukira. Mnzanga amene anamwalira mwezi watha ankangogogoda pakhola ndi mphete yake, zonse n'kuimirira. Ine wozidyetsa, sizindiyang'ana n'komwe. Mabwana mpaka lero amati "mbewa za malemu."

Dzulo kutada ndinabwerera kukazisinthira madzi.

"Anzanu alowa kale," anatero mlonda.

Mkatimo munalibe munthu. Ndinagogoda pakhola ndi kiyi. "Tadzukani, osayamika inu!"

Sizinagwedezeke.

Kenako kumbuyo kwanga mphete inalira pachitsulo: go, go.

Zonse zinaimirira, maso kuseri kwa phewa langa. Ngakhale zazing'ono zimene zinabadwa mnzanga uja ataikidwa kale.