Mipando Yonse Inadzaza

Millicent anaima pakhomo la basi, foni kudzanja lamanzere, ndodo yoyezera msinkhu wa ana kudzanja lamanja, akuwerenga mitu. Makumi asanu ndi inayi. Anawerenganso kuyambira kumbuyo, nambala n'kukhala yomweyo. Mtundu wonse wa kwa Chimtengo unali mommo, aliyense atavala nsalu ya banja imene iye anatumiza kuchokera ku Joni, yobiriwira, yokhala ndi nkhope ya malemu bambo ake. Pachifuwa pa munthu aliyense panali kapepala ka dzina, monga analamulira.

Panali patatha zaka makumi awiri ndi ziwiri chichokereni ku Mkanda. Maliro a bambo ake anawamvera pafoni, maukwati a asuweni ankangowatumizira mafuno abwino. Chimene chinkamudya mumtima chinali chimodzi: kuti kwawo anamufufuta kale, kuti tsiku lodzabwera adzamuyalira mphasa ya alendo. N'chifukwa chake anakonza ulendowu. Banja lonse lipite ku Lilongwe, kumalo a masewera kuja kuli makatungwe a magetsi, tisitima tozungulira ndi motsetsereka mwa madzi, kenako kukaona nyama zosungidwa. Pomaliza chithunzi chimodzi cha onse pamodzi, iye ali pakati.

Kwa miyezi isanu gulu la banja la pa WhatsApp silinapume. Millicent anakhazikitsa komiti ya mandimu oletsa nseru, komiti ya ana osochera, ndi komiti ina yoyang'anira makomiti awiriwo. Analamula kuti Loweruka lililonse achikulire azikwezedwa mu wilibala n'kuzungulitsidwa pabwalo, kuti mitu yawo izolowereretu chizungulire. Munthu wa ku Joni akafuna chinthu, amachifuna ndithu.

Vuto linabuka pa tsiku limene anasankha, pakati pa Juni. Malume ake, a Mateyo, analemba mwaulemu kuti nthawi imeneyo mtedza umakhala uli pamilu kumunda ukuuma, ndipo akuba a panjinga sapita kutchuthi. Millicent sanachedwe kuyankha. Alembe aganyu alonde mtedzawo, anatero, koma mpando ngakhale umodzi ukadzapezeka wopanda munthu, iye ndi banja limeneli basi, kwatha. Malumewo anangotumiza kachala kamodzi koloza kumwamba.

Ndiye lero anali atabwera ndi basiyo kuchokera ku Lilongwe, n'kupeza khamu likumudikira pamsika wa Mkanda, mabasiketi a chinangwa chophika ali m'manja. Palibe anachedwa, palibe anadwala mwadzidzidzi. Mtima wake unakhala pansi koyamba chaka chimenecho.

Nkhope zokha ndiye zinamusokoneza, ngakhale sakanauza munthu. Pagulu lija abale ake ankadziwika ndi zithunzi za maluwa, mavesi a m'Baibulo ndi njinga zamoto. Anathokoza mumtima nzeru zake za timapepala. Malume a Mateyo, amene ankatsimphina chibadwire, anakwera basi modumpha, ndiponso anali atatalikirako. Zipatala za masiku ano zapita patsogolo, anaganiza choncho Millicent. Msuweni wake Eneya, amene kale ankaimbitsa kwaya kutchalitchi, anali atavala kofia yoyera ndipo anafunsa ngati kumakatungweko kuli malo opempherera masana. Millicent sanafunse zambiri. Zaka makumi awiri ndi ziwiri n'zokwanira kusintha munthu.

Palibenso amene anamuitana Mili, dzina lake la paubwana. Onse ankati madamu. Izi zinamubaya pang'ono, koma anadzitonthoza kuti ndi ulemu umene anthu amapereka kwa mwini basi.

Mpando wake anausankha kale: pafupi ndi azakhali ake a Luwiza, amene anamulera mayi ake atamwalira. Anawapeza ali pawindo, kapepala pachifuwa, ndimu lawo m'manja. Anali atachepa thupi komanso kuyererako khungu, koma mphuno, ayi ndithu, mphuno inali ya bambo ake yeniyeni. Millicent anagwetsa ndodo ija n'kuwakumbatira, misozi ili chuchuchu pa nsalu ya banja.

"Azakhali, ndikhululukireni. Ndimaopa kuti munandiiwala."

"Iii, madamu, tikuiwaleni bwanji?" anatero mayiwo, akumusisita pamsana. "Dzina lanu silikutsika pakamwa mudzi wonse."

Basi inanyamuka. Komiti ya mandimu inayamba ntchito, kumbuyo nyimbo inabuka, ndipo Millicent anamva kukoma kumene sanakumvepo m'nyumba zonse za rendi za ku Joni. Anali ndi kwawo. Anali ndi anthu ake, makumi asanu ndi anayi, ndipo onse anasiya mtedza chifukwa cha iye.

Msewu wa fumbi unadutsa m'mphepete mwa minda ya kwa Chimtengo. Dalaivala anachepetsa liwiro, poti pafupi ndi milu ya mtedza panali patandandalika khamu lina likubayibitsa mwansangala. Patsogolo panali bambo wotsimphina, ndi mayi wonenepa akuthamangira basi, akukuwa kuti, "Mili! Miliii!"

"Nanga awo ndani, azakhali?"

"Abale anutu amenewo," anayankha mayi uja. "Akuti mtedza sangausiyire waganyu, angawabere, koma ulendo ndiye angathe kumusiyira. Musachotse manja, madamu, kumbatirani bwinobwino, ganyu wathu ndi wa mpaka madzulo."