Chingwe cha Davison

"Mmasule mchimwene wako," amayi anauza Aliness asanatule n'komwe chikwama. "Si za mitu ya anthu ukuphunzira ku yunivesiteko?"

Davison anali pansi pa mtengo wa mango, chingwe kumwendo, monga wakhalira chiyambire misala yake. Anthu a ku Kaduya anali atadzaza pabwalo kudzaona dokotala wawo.

"Amayi, tangoyamba kumene. Panopa tikungojambula ubongo papepala."

"Usadzichepetse, iwe. Ndauza mudzi wonse."

Aliness sanathe kuulula kuti mayeso oyamba analephera, ndipo mwina sabwererako. Anagwada pafupi ndi mchimwene wakeyo, azimayi n'kuyamba nthungululu.

Aliness anaona kuti mfundo ya chingwecho yayamba kumasuka. Anaimangitsa bwinobwino.