Mayina Pamwamba pa Mapepala a Kafukufuku

Panali mtsikana wina amene ankaphunzira za maganizo a anthu ku yunivesite. Chaka chomaliza anasankha kuchita kafukufuku wa nkhawa za amayi osoka zovala pafakitale ina, pomwe azakhali ake ankagwira ntchito.

Aphunzitsi ake anamuchenjeza kuti, "Usalembe dzina la munthu papepala. Aliyense umupatse nambala. Mayankhowo asawaone wina aliyense, ngakhale bwana wawo."

Iye anangoti "chabwino", koma mumtima ankati zamanambalazo n'chintchito chabe.

Poyamba amayi aja anakana kulankhula. Azakhali ndiwo anawanyengerera. "Uyu ndi mwana wa achimwene anga, masukani." Anamasukadi. Wina anati kapitawo amakhoma chimbudzi mpaka nthawi yoweruka. Azakhali anaulula kuti amawakalipira ngati ana, moti tulo sabwera. Mtsikanayo ankalemba zonse, dzina pamwamba.

Atamaliza, bwana wa fakitale anamuitanira mu ofesi n'kumukhazika pampando wofewa. "Mwanangu, tatibwereka mapepalawo tikonze mavuto a anthu athu."

Mtsikanayo anadzimva kufunika. Anapereka onse.

Lolemba lotsatira amayi anayi anabwezedwa pageti, azakhali ali m'gulu lomwelo. Azakhaliwo sanabwerere kunyumba. Analunjika ku yunivesite ndipo anapeza mtsikanayo akutuluka m'kalasi.

"Iwe! Zaka khumi ndi zisanu ndili pamakina aja! Anzanga anatsegula pakamwa chifukwa cha ine, iwe n'kukatitula kwa bwana? Sukulu yakeyo ndi imeneyi?"

"Azakhali, anati akufuna kukonza..."

"Watikonzadi! Ana anga adya mapepala akowo?"

Aphunzitsi anatuluka atamva phokosolo, ndipo atamvetsa nkhaniyo nkhope inasintha.

"Ndinakuuza chiyani? Anthu anakupatsa zakukhosi kwawo, iwe wazisandutsa kalata yowachotsera ntchito!"

Kafukufukuyo anathetsedwa tsiku lomwelo, ndipo mtsikanayo anabwereza chaka. Katatu konse anapita kukapepesa, katatu konse azakhali anamutsekera chitseko. Amayi atatu aja mpaka lero akakumana ndi azakhaliwo panjira amayang'ana kumbali.

Phunziro: Munthu akakuuza zakukhosi pa kafukufuku, wakusungitsa moyo wake. Bisa dzina lake, sunga mayankho ake, ndipo usakomedwe ndi mawu okoma a wamkulu aliyense. Tumizirani ophunzira onse amene mukuwadziwa, asanapweteketse anthu osalakwa.