Kafupa ka Malemu Apongozi

Ndinawachenjeza achibale a mwamuna wanga kuti kafupako kakasungidwe kuchipatala, koma palibe amene anandimvera.

Lamulo limati banja lililonse lilandire kafupa kachitsulo kamodzi kokha, koika m'khutu kuti wogontha azimva. Mwini wake akamwalira, kamapita kwa wina. Dzana, tisanaike maliro a apongozi aamuna, adzukulu anakachotsa m'khutu mwawo. Mawa madokotala adzakaika mwa mwana wanga Mwandida, yemwenso ndi wogontha.

Masanawa ndinapeza apongozi aakazi akukatulutsa m'kabotolo kawo ka fodya, kali ndi mafinya ouma. Anakanyambita, n'kukapukuta ndi chitenje.

"Amayi, mukutani?"

"Ndikukatsuka, amake Mwandida. Musaope, agogo ake anali aukhondo."

Mwandida amandimva bwinobwino poyang'ana milomo yanga. Kusanache ndimubereka, tizipita kwathu.