Mpweya wa Hilaro

Vibiyo, mtsogoleri wa gulu la zisudzo, anakhala pabokosi la zigoba zovala kumaso kuseri kwa nsanja, akupaka mafuta maondo ake otupa. Sewero linali lomwe lija la dzulo, lomwenso la dzana: nkhalamba yaumbombo, mwana wosakaza chuma, kapolo wochenjera. Mawu anali atasasa. Nthabwala zimene kale ankaseka nazo yekha pozikonza, tsopano zinkamuwawa m'kamwa ngati mankhwala.

Ku Roma sewero la pa chikondwerero ndi nsembe, ndipo milungu sifuna nsembe yolumala. Chitoliro chikangoduka pakati pa nyimbo, kapena wosewera akangoiwala mawu ake, wansembe amakweza dzanja, basi tsiku lapita pachabe, mawa muyambirenso. Chikondwerero sichitha mpaka sewero lifike kumapeto lopanda chilema. Ndiye Hilaro, woimba chitoliro wa gululo, anali atayamba kuduka mpweya pa nyimbo yomaliza penipeni, tsiku ndi tsiku.

Mamerko, mkulu woyang'anira chikondwererocho, anatulukira atakwinya nkhope.

"Tamverani, a Vibiyo. Mzinda watopa nanu. Nkhalamba yanu ya chitoliroyo ikadulanso lero, ndiikwapulitsa anthu akuona, kenako mukaigulitse kumphero izikazunguza mwala pamodzi ndi abulu. Apo ayi, gulu lanu lisadzapondenso pansanja muno."

Vibiyo anangoti, "Ndamva, bwana." Mphamvu yotsutsa analibe.

Nsanja yamatabwayo anaikhoma pamsika, moyandikana ndi khoma la ndende. Patsinde pa khomalo panali patatsamira Rufo, wonyonga akaidi, akutafuna nyemba zokazinga. Masiku onsewa sanaphonyepo sewero, osati chifukwa cholikonda.

"Malizani kasewero kanuka, inu!" anakuwa Rufo. "Pa masiku a milungu munthu sanyongedwa. Chingwe changa chayamba kudyedwa ndi makoswe, akaidi akungonenepa m'katimu. Ine ndizidya chiyani, nthabwala zanu zozizirazo?"

Osewera anangopitiriza kukonza zovala zawo. Ngakhale kutukwana kumafuna nyonga.

Vibiyo anapita pakona pamene Hilaro anakhala akupukuta chitoliro chake, namupatsa kachikho ka vinyo wothira uchi. Awiriwa anakalambira limodzi pantchito. Hilaro anali kapolo wake, inde, koma kapolo amene mwagona naye m'makola a eni ake, mwagendedwa naye zipatso zoola, simumuonanso ngati katundu. Ndiponso Hilaroyo analibe wina aliyense. Mkazi anamwalira kalekale, kamwana kake kamodzi kokha kanagulitsidwa ndi mbuye wake wakale kasanamere ndevu.

"Mdala, chifuwa chatha ichi, usakane. Ndibwereke woimba wina kuti upume. Wamva zimene wanena Mamerko?"

"Ndamva, bwana. Musabwereke munthu, chonde. Lero ndifika."

"Dzulo unatero."

"Lero ndifika."

Vibiyo anapukusa mutu. Ukalamba ndi wouma khosi, ankaudziwa bwino, poti naye maondo ankamuuza zomwezo iye n'kumakana. Anamva chisoni, namusiya.

Sewero linayamba dzuwa lili paliwombo. Anthu anali ochepa, ambiri mwa iwo akuyasamula. Ena ankalankhula mawu a seweroli osewera asanawatchule. Vibiyo anavala chigoba cha nkhalamba yaumbombo, nabisa mphika wa golide, nathamangitsa kapolo ndi ndodo, thukuta likumulowa m'maso. Khutu lake lonse linali pa chitoliro. Chinkalira bwino, chosalala. Nyimbo yomaliza itayamba, anapemphera chamumtima kwa mulungu aliyense amene anali asanatope kumvera.

Chitoliro chinakwera, chinakwera, kenako zii.

Wansembe anakweza dzanja. Anthu anabuula, wina naponya chikhokho cha buledi. Rufo analavula khoko la nyemba n'kunyamuka akutukwana. Mamerko anakodola asilikali.

Vibiyo anavula chigoba natsika pansanja pang'onopang'ono. Sanakwiye. Ankangofuna kukafika kwa mnzakeyo asilikali asanafike, amuuze kuti wamukhululukira, kuti chifuwa si mlandu wa munthu. Ankayembekezera kumupeza atagwa, akupuma wefuwefu.

Anamupeza ataimirira chilili kuseri kwa nsanja, nkhope italoza khoma la ndende, chitoliro chili pakamwa. Ankaimba mbali ija yotsala ya nyimbo, yonse, mpweya umodzi wautali wosanjenjemera, woti mnyamata wa mphamvu zake sangaufike. Atamaliza, pakawindo kakang'ono ka pansi pa khomalo panatuluka kamluzu, kakubwereza nyimbo yomweyo.

"Ndi mwana wanga uja, bwana," anatero Hilaro osatembenuka. "Ali m'ndendemo, akudikira chingwe cha Rufo. Ndimamuuza kuti sewero silinathe, mawa adzaonanso dzuwa."

Asilikali anali atafika. Vibiyo anayang'ana chigoba chili m'manja mwake, nayang'ana kawindo kaja.

"Pita, mdala," anatero motsitsa mawu. "Nanenso ndakalamba. Mawa ndiiwala mawu anga."